Musanaponye udzu wa kumtsinje m'thanki ya nsomba, udziweni dzina

Thanki yagalasi ya nsomba yayamba kulowa m'makomo ambiri muno mu Lilongwe. Kale tinkaiona m'mahotela ndi m'maofesi a ku City Centre basi, koma masiku ano mukalowa m'nyumba za ku Area 12, Area 10 kaya 43, ngakhale m'maboyizikota momwe achinyamata ongoyamba ntchito akuchita lendi, mupeza kathanki pakona, getsi likuwala, tinsomba tikungoyendayenda. Kupeza nsomba sikuvuta kwenikweni. Pamavuta ndi pa zomera. Zapulasitiki zimakongola mwezi woyamba, kenako ndere zikazigwira zimangooneka ngati nkhata zakale za kumanda. Zamoyo sizipezeka wamba m'mashopu, ndipo zikapezeka, mtengo wake umayamba wakufunsa ngati walandira kale.

Ndiye maganizo amabwera okha: "Lingadzi ali pompa, ku Salima ndi ulendo wa maola awiri, udzu wa m'madzi uli mbwee, waulere. Ndigulirenji?"

Maganizowo si oipa ayi. Zomera zina zomwe anthu a ku Ulaya amagula modula kuti akongoletsere mathanki awo zimamera zokha m'madzi athu konkuno. Koma kutola kuli ndi malamulo ake awiri, ndipo nkhani yathu sabata ino yagona pamenepo. Loyamba: chomera chomwe simukuchidziwa dzina chisalowe m'thanki. Lachiwiri: chomwe chalowa m'thanki chisabwererenso kumtsinje.

Dzina ndi lantchito yanji?

Wina anganene kuti udzu ndi udzu, bola ukhale wobiriwira. Koma dzina limakuuzani zinthu zitatu zomwe maso okha sangakuuzeni.

Choyamba, limakuuzani ngati chomeracho chingakhale ndi moyo pansi pa madzi. Zambiri zomwe timaziona zitamira m'mbali mwa mtsinje si za m'madzi konse. Ndi udzu wa kumtunda womwe madzi angoukwirira nthawi ya dzinja. Mukauika m'thanki umalimba sabata ziwiri kaya zitatu, kenako umayamba kuwola, madzi amanunkha, nsomba n'kumapumira pamwamba.

Chachiwiri, limakuuzani ngati chomeracho chingagwirizane ndi nsomba zanu. Zina zimadyedwa usiku umodzi, zina zimaphimba thanki yonse mpaka kuwala osafika pansi.

Chachitatu, ndipo ichi ndiye chachikulu, limakuuzani ngati mwanyamula mlendo woopsa yemwe akathawa pakhomo panu akavutitsa dziko lonse. Tifikako posachedwa.

Foni ikuthandizeni, koma isakuganizireni

Tonse tikudziwa chomwe muchite mukangotola: kutulutsa foni, kujambula, kufunsa Google Lens. Palinso mapulogalamu a PlantNet ndi iNaturalist, ndipo ndi othandiza ndithu. Koma zomera za m'madzi zimawapusitsa. Zikatuluka m'madzi zimangoti lende, masamba n'kumatirirana, ndipo mitundu yambiri imafanana ngati ana amapasa. Chinanso, zithunzi zambiri zomwe mapulogalamuwa anaphunzirira n'za ku Ulaya ndi ku America, ndiye sachedwa kukupatsani dzina la chomera chomwe kuno kulibe.

Kuti foni ikuthandizeni bwino, thirani madzi pang'ono m'mbale yoyera, ikanimo chomeracho kuti masamba atambasuke, pambali pake muikepo ndalama yachitsulo yosonyeza kukula kwake. Jambulani chonse, kenako yandikirani pomwe tsamba lagwira tsinde, nsonga ya tsamba, mizu, ndi duwa ngati lilipo. Dzina lomwe foni yakupatsani mukalifufuze pa tsamba la pa intaneti la Flora of Malawi, muone ngati chomeracho chimapezeka m'dziko muno. Mukakayikabe, akatswiri alipo: a National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, omwe likulu lawo lili ku Zomba ndipo ali ndi munda wawo muno mu Lilongwe, komanso a ku Bunda, kusukulu ya LUANAR, komwe amaphunzitsa za ulimi wa nsomba. Paja safunsa anadya phula.

Mafunso anayi musanazule

Funso loyamba: chikumera pati? Pali zoyandama pamwamba, mizu ili lende m'madzi. Pali zomira, thupi lonse lili pansi pa madzi. Palinso za m'mbali monga bango ndi gumbwa, zomwe mapazi okha ndiwo ali m'madzi. Zachitatuzi zisiyeni, si za m'thanki. Njira yachidule yodziwira ndi iyi: chitulutseni m'madzi muchigwire kumunsi. Chikaima chilili ngati chomera cha m'munda, kawirikawiri n'cha kumtunda. Chikagwa n'kukhala lobodo, n'cha m'madzi, chifukwa madziwo ndi amene amachichirikiza.

Funso lachiwiri: masamba akhala bwanji pa tsinde? Kodi onse akuchokera pansi malo amodzi ngati a anyezi? Kodi akuzungulira mfundo imodzi ngati masipoko a njinga? Kapena akusinthana, ili kumanja, linalo kumanzere? Funso limeneli lokha limathetsa theka la chisokonezo.

Funso lachitatu: tsambalo palokha laoneka bwanji? Ndi lalitali ngati lamba, ngati nthenga ya nkhuku, kapena lagawikana ngati mtengo wa legeni? M'mbali mwake muli mano ngati a sowo? Apa kamera ya foni imagwira ntchito ya galasi lokulitsira zinthu.

Funso lachinayi: mizu ilipo? Nanga mukachifikisa pazala chikumveka bwanji, chikununkha bwanji? Zina zilibiretu mizu. Zina zimachita ngati zili ndi mchenga.

Zoyandama: apa ndiye pali milandu

Tiyambe ndi wodziwika kwa tonse, namasupuni. Masamba ake ndi onyezimira, obulungira ngati masupuni, ndipo phesi la tsamba limatupa ngati kabaluni. Mukalithyola, m'kati muli ngati siponji. Mizu ndi yakuda, yanyenyeswa ngati ndevu, duwa ndi lofiirira mobiriwira lokhala ndi kadontho kachikasu. Kukongola ndiye sitikana, koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kwawo kwa namasupuni ndi ku South America, ndipo maiko ambiri anafikako atanyamulidwa ndi anthu okonda maluwa, anthu ngati ife tomwe. Muno anayamba kuoneka kumunsi kwa mtsinje wa Shire chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Akapeza madzi ofunda ndi achonde, amatha kuchuluka kawiri m'sabata ziwiri zokha, ndipo njere zake zimagona m'matope zaka zambiri zikudikira. M'zaka za m'ma 1990 dziko lino linachita kuitanitsa tizilombo tofanana ndi anankafumbwe, totchedwa Neochetina, kuti tizimudya. Mpaka lero ku Liwonde kuli makina ochotsa zomera m'madzi kuti zisakatseke malo opangira magetsi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Anzathu a ku Harare akulimbana naye pa nyanja ya Chivero, a ku Zambia pa mtsinje wa Kafue, a ku South Africa pa damu la Hartbeespoort. Namasupuni sakulowa m'thanki, sakulowa m'kadziwe ka pakhomo, basi.

Wachiwiri ndi Salvinia, amene ambiri amamutcha udzu wa ku Kariba. Timasamba take ndi tating'ono ngati chikhadabo cha chala chachikulu, timakhala tiwiritiwiri, ndipo tikakula timapindika. Yandikitsani kamera: pamwamba pa tsamba pali tiubweya tomwe nsonga zake zalumikizana ngati waya womenyera mazira, ndipo madzi sagwirapo. Uyu kwawo ndi ku Brazil. Damu la Kariba litatha kumangidwa mu 1959, pofika 1962 iye anali ataphimba pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a nyanja yonseyo. Kachidutswa kamodzi ndi kokwanira kuyambitsa munda. Msiyeni.

Wachitatu ndi Pistia, wooneka ngati kakabichi koyandama, wamasamba otuwa, aubweya, okhala ndi mizere. Nayenso amatseka madzi akapeza mpata, ndipo m'thanki yotseka pamwamba amangowola ndi thukuta la chivindikiro. Palibe chifukwa chomutengera.

Tatsala ndi ting'onoting'ono tiwiri. Azolla ndi kachomera kokhala ngati mamba osanjikizana, kobiriwira pamthunzi, kofiira padzuwa. Alimi ena amaweta dala kuti azidyetsa nkhuku ndi nkhumba. Lemna ndi timadontho tobiriwira tonga mphodza, kalikonse ndi kamuzu kake kamodzi. Nsomba zina zimatidya bwinobwino, koma tikangolowa m'thanki kutichotsa ndi ntchito ya chaka. Ganizani kawiri.

Zomira: apa ndiye pali chuma

Mfumu ya zonse ndi Vallisneria. Mukapita kunyanja, pamalo amchenga osazama pomwe palibe mafunde amphamvu, mupeza minda yake pansi pa madzi. Masamba onse amachokera pansi malo amodzi, ndi aatali ngati lamba, ofewa, ndipo nsonga yake ndi yobulungira, yokhala ndi timano tosaoneka bwino popanda kamera. Alibe tsinde la mfundomfundo ngati udzu wa kumtunda. Amaberekana potumiza mphukira m'mchenga ngati momwe amachitira kapinga. Mukaona kaulusi kopotana ngati sipuling'i kakuchokera pansi, ndi phesi la duwa lake, ndipo pamenepo musakayikenso. M'nyanja ya Malawi muli nsomba zomwe moyo wawo wadalira chomera chimenechi: Hemitilapia oxyrhynchus imapala ndere pa masamba ake, pamene Dimidiochromis compressiceps, yopyapyala ngati mpeni, imabisala pakati pa masambawo kudikira tiana ta nsomba. Podzala, kwirirani mizu yokha. Mukakwirira pomwe masamba ayambira, chimawola.

Wachiwiri ndi Ceratophyllum, bwenzi la ongoyamba kumene. Alibe mizu, amangoyandama m'kati mwa madzi. Masamba ake ndi opyapyala ngati singano, azungulira mfundo iliyonse ngati masipoko, ndipo lililonse lagawikana ngati legeni. Mukamugwira amamveka wokakala pang'ono, ndipo kunsonga amathithikana ngati mchira wa gologolo. Safuna dothi, amakula msanga, amayamwa zonyansa za nsomba, ndipo tiana ta nsomba timabisalamo. Wofanana naye ndi Myriophyllum, koma tsamba la uyu lili ngati nthenga kapena chipeso, osati legeni. Mtundu wina wa Myriophyllum, womwe nsonga zake zimatuluka pamwamba pa madzi zili zotuwa ngati timitengo ta paini, ndi mlendo wa ku South America ndipo amatseka madamu. Ameneyo ayi.

Kenako pali atatu omwe amasokoneza ngakhale ophunzira. Onse ali ndi tsinde lalitali ndi timasamba tafupitafupi. Yang'anani pa mfundo. Ngati timasambato sitikuchokera pa mfundo imodzi koma tikukwera mozungulira ngati masitepe, tapindikira pansi, ameneyo ndi Lagarosiphon, wa mu Africa muno. Ngati tazungulira mfundo imodzi ndipo m'mbali muli mano ooneka, ndi Hydrilla. Ngati tazungulira mfundo imodzi koma ndi tokulirapo, tosalala, tothithikana, ndi Egeria, wa ku South America, yemwe amagulitsidwa kwambiri m'mashopu a nsomba. Awiri omalizawa ali ndi mbiri yotseka madzi m'maiko ambiri. Koma tamverani izi: mtundu wina wa Lagarosiphon wa kum'mwera kwa Africa kuno unatengedwa ndi okonda mathanki ndi timadziwe, ndipo lero ukuvutitsa ku New Zealand ndi ku Ireland, komwe unapezeka m'nyanja ya Lough Corrib mu 2005. Mu 2016 maiko a European Union analetsa kuugulitsa. Mwaona? Udzu wathu wabwinobwino ndi namasupuni wa anthu ena. Chomera chimalusa chikapita komwe kulibe adani ake.

Potamogeton amadziwika ndi masamba osinthana pa tsinde, oonekera kuwala ngati pepala lonyowa, okhala ndi mtsempha pakati. Timaluwa take timatuluka pamwamba pa madzi ngati kangala kakang'ono. Ndi wabwino, koma amafuna kuwala kokwanira. Najas ali ndi timasamba ta mano akuthwa ndipo amathothoka mukangomukhudza. Utricularia alibe mizu, ndipo pakati pa timasamba take tonga ulusi pali timatumba tonga njere za mpiru. Timatumbato ndi misampha yogwirira tizilombo, ndiye m'thanki yoswetsera nsomba musamuikemo. Womaliza ndi Chara: amafanana ndi Ceratophyllum, koma mukamufikisa amamveka ngati ali ndi mchenga ndipo amanunkha ngati adyo. Uyu ndi mtundu wa ndere, alibe vuto, kungoti amasweka msanga.

Nanga kakombo?

Kakombo wa m'madzi alipo wa mitundu iwiri yomwe mungakumane nayo kawirikawiri. Wa duwa la buluu amatsegula masana, ndipo m'mbali mwa tsamba lake ndi mosalala kapena mwa mafunde pang'ono. Wa duwa loyera amatsegula usiku, ndipo tsamba lake lili ndi mano. M'thanki yaikulu amakongola kwambiri, makamaka mukamadula masamba omwe akuthamangira pamwamba. Koma kumbukirani kuti kwa abale athu a ku Nsanje ndi Chikwawa, mbatata yake ndiyo nyika, chakudya chomwe anthu amakumba ku Elephant Marsh chaka cha njala, pakati pa ng'ona. Chokongoletsera cha ku Area 12 ndi nkhomaliro ya banja lina. Mukatenga, tengani imodzi.

Alendo obisala m'masamba

Ngakhale mutalidziwa dzina molondola, chomera cha kumtsinje sichibwera chokha. Mlendo woyamba ndi nkhono, ndipo nkhono ya m'madzi athu si nkhani yoseka chifukwa ndi imene imasunga likodzo. Mazira a likodzo amatuluka m'mkodzo kapena chimbudzi cha munthu wodwala, amaswa m'madzi, tizilomboto timalowa mu nkhono, timachulukana, kenako timatuluka n'kumaboola khungu la aliyense wokhudza madziwo. Nkhono imodzi yomwe ili ndi tizilomboti imatha kumatitulutsa kwa sabata zambiri. Tsono ganizirani: nkhonoyo ili m'thanki pabalaza, inu mukulowetsamo mkono Loweruka lililonse pochapa, mwana wa achemwali anu akuviikamo zala pofuna kugwira nsomba.

Nkhono zosunga likodzo zilipo magulu awiri. Bulinus, yomwe imasunga likodzo la m'chikhodzodzo, mungaidziwe chonchi: iimikeni nsonga kumwamba, khomo likuyang'ana inu. Khomolo likakhala kumanzere, chenjerani. Biomphalaria, ya likodzo la m'matumbo, ndi yafulati, yopindika ngati koyilo ya udzudzu. Magulu onsewa akupezeka m'nyanja ya Malawi, ndipo dera la Mangochi ndi Cape Maclear limadziwika ndi matendawa. Pali nkhono zina zosalakwa zofanana nazo, koma musadzivutitse ndi kuweruza: nkhono iliyonse yobwera ndi chomera cha kutchire ichoke. Ndipo ngati munalowa m'madzi potola, kenako patapita sabata zingapo mukumva malungo, kutsegula m'mimba kapena mukukodza magazi, pitani kuchipatala mukanene za madziwo. Mankhwala ake, praziquantel, alipo.

Alendo ena ndi ana a tombolombo, omwe amakhala m'madzi ndipo amadya tiana ta nsomba usiku inu muli mtulo, komanso misundu. Madziwonso paokha musawakhulupirire. Sitinaiwale kolera ya 2022 ndi 2023, yomwe inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, Lilongwe ali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri. Valani magolovesi ndi majombo, ndipo mukamaliza sambani m'manja ndi sopo.

Ndowa ya sabata zinayi

Chomera chikafika pakhomo, malo ake oyamba ndi ndowa, osati thanki. Chitsukeni bwino, dulani masamba owola, ndipo yendetsani chala kunsi kwa tsamba lililonse. Mukamva kanthu koterera konga jele, ndi mazira a nkhono, kapaleni. Thirani m'ndowa madzi a pampopi omwe agona tsiku lathunthu kuti klorini achepe, muiike powala koma posafika dzuwa la masana. Phimbani ndi neti yakale, apo ayi mwatsegula fakitale ya udzudzu pakhonde panu.

Zomera zamasamba olimba mutha kuziviika m'madzi a Jik, muyezo umodzi wa Jik ku miyezo 19 ya madzi, kwa mphindi imodzi kapena ziwiri basi, kenako n'kutsukuluza kangapo mpaka fungo litatheratu. Zofewa monga Vallisneria ndi Ceratophyllum zimapsa ndi Jik, ndiye kwa izo mankhwala ndi kudikira.

Bwanji sabata zinayi? Mazira a nkhono omwe anakuphonyani amaswa pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo tiana take timafuna masiku ena kuti tioneke. Madzulo ponyanimo kachidutswa ka tsamba la kabichi, m'mawa mudzapeza tinkhono tasonkhanapo, n'kutichotsa. Sinthani madzi kawiri pa sabata, akalewo muzithira pa nthaka m'dimba, kutali ndi ngalande. Tizilombo ta likodzo tikasowa munthu timafa pasanathe masiku awiri kapena atatu, ndiye mukachotsa nkhono zonse n'kudikira, vutolo latha. M'sabata zomwezi mudziwanso ngati chomera chanu n'cha m'madzi zenizeni: chenicheni chimaphuka masamba atsopano, chabodza chimasungunuka. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo apa mwambiwo ukunena zenizeni.

Kotola ndi kosatola

Si madzi onse omwe ali otseguka kwa aliyense. Gawo la Lingadzi lomwe likudutsa m'nkhalango ya Nature Sanctuary, pakati pa Old Town ndi City Centre, ndi malo otetezedwa, ndipo mumtsinjemo muli ng'ona. Ku Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 n'kulowa m'kaundula wa UNESCO mu 1984, lamulo silikulolani kuzula chilichonse. Chimodzimodzi ku Liwonde National Park. Madamu a Kamuzu ku Malingunde ndi komwe kumachokera madzi akumwa a mzinda uno, si malo ongolowa ndi ndowa popanda chilolezo. Kufupi ndi maiwe a zonyansa a ku Kauma, kapena pansi pa mlatho wa Lilongwe ku Old Town komwe zinyalala za mumsika zimathera, zomera zimanenepa, koma mukudziwa chomwe chikuzinenepetsa.

Malo abwino ndi damu la pafamu kapena dziwe la mlimi wa nsomba, mwini wake atakulolani. Kumudzi, lonjerani kaye ndipo funsani eni dera, iwo ndi amene amadziwa pomwe pali ng'ona ndi pomwe pali mvuu. Nthawi yabwino ndi mvula ikatha, madzi atayera, kuyambira Meyi kupita kutsogolo. M'dzinja mitsinje ya mu Lilongwe imadzaza mwadzidzidzi, musayerekeze. Ndipo tengani zochepa: timitsinde titatu kapena tinayi takwana. Chomera choyenera chidzaza thanki chokha.

Funsaninso nsomba zanu

Pomaliza kusankha, yang'anani amene akukhala m'thankimo. Mbuna, nsomba zokongola zomwe zakhala zikutumizidwa kunja kuchokera ku Senga Bay kuyambira m'zaka za m'ma 1970, kwawo ndi m'miyala. Zimakumba mchenga, zimazula, zimabudula masamba ofewa. Thanki ya mbuna imafuna miyala yambiri, ndipo ngati mukufuna chobiriwira, dzalani Vallisneria m'kamphika, pamwamba mutsekepo ndi timiyala. Chilinguni ndiye mbuzi ya m'madzi, chomera chilichonse kwa iye ndi ndiwo. Ma goldfish nawonso amadya zofewa. Ma guppy ndi matemba sasokoneza zomera.

Musaiwale nyengo. Madzi a pamwamba m'nyanja amakhala ofunda chaka chonse, pamene Lilongwe ali pamtunda wa mamita oposa 1,000 ndipo mu Juni ndi Julaye usiku kumazizira. Chomera cha kunyanja chikaima kukula m'miyezi imeneyi, musachizule, chikudikira kutentha. Getsi la thanki liziyaka maola 8, osapitirira 10, apo ayi ndere zilanda ufumu. Zomera zimatulutsa mpweya wabwino kukawala, koma usiku nazo zimaupuma. Magetsi akazima usiku pampu n'kuima, thanki yodzaza zomera imafuna muichotse chivindikiro ndi kuvundula madzi pang'ono.

Njira ya ngalande

Tsiku lina thanki idzadzaza ndipo mudzafuna kudulira. Apa ndi pomwe lamulo lachiwiri limagwira ntchito. Zodulazo musaziponye m'ngalande, m'chimbudzi chamadzi kapena mumtsinje. Ziyanikeni padzuwa mpaka zitauma gwa, kenako muziotche kapena kuzikwirira m'dzenje la manyowa. Nsomba zomwe mwatopa nazo mupatse mnzanu, musakazimasulire kumtsinje ngati mukuzichitira chifundo.

Tsatirani njira ya madzi kuti mumvetse. Ngalande za mumzinda uno zimathira mu Lingadzi ndi mu Lilongwe. Lingadzi amathira mu Lilongwe, Lilongwe amathira mu Linthipe, Linthipe amathira m'nyanja ku Salima. Nyanjayo, yomwe ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse padziko, imatulukira mu Shire ku Mangochi, n'kudutsa pa Liwonde mpaka ku Nkula. Kachidutswa komwe mwataya kuseri kwa mpanda kali ndi msewu wopita komwe kumachokera magetsi oyendetsa pampu yanu yomweyo. Madzi akatayika saoleka.

Ndiye sabata ino, ngati muli ndi chomera chomwe munachitola kale ndipo dzina simukulidziwa, chitulutseni, chiikeni m'mbale yoyera, muchifunse mafunso anayi aja. Chikayankha bwino, chipite kundowa. Chikakhala namasupuni kapena udzu wa ku Kariba, chipite padzuwa. Chikakana kuyankha, chijambuleni bwino mukafunse odziwa, ndipo kufikira atakuyankhani, nsomba zanu zipirire ndi miyala.